Ulusi wa m'khwapa

Lachitatu, mwezi wa Julayi. Chiperoni tsiku lonse, phiri silinaoneke n'komwe.

M'khwapa, pomwe adokotala anadula kanyama ka chotupa chija, patupa, ndipo ulusi ukukoka ndikangotukula mkono. Anandiuza kuti ndisasenze madzi, ndisasinje, ndisanyowetse bala mpaka adzachotse ulusiwo. Kanyamako anakaika m'kabotolo n'kutumiza ku Blantyre kuti akakapime. Akuti yankho lingatenge mwezi. Apongozi afunsanso lero kuti, "Nyama ya munthu wamoyo akukatani nayo kumeneko?"

Masana kunabwera mayi Namakhwa, atcheya a amayi a chipani. Akuti mawa tonse tipite ku Thuchila kokonzekera magule, poti kukubwera akuluakulu. Ndinawaonetsa bandeji. Anaiyang'anitsitsa, kenako anati, "Pepani, mayi. Koma miyendo ili bwino, eti? Musasowe kumeneko, mukudziwa kale." Sanayankhule mwaukali. Iwonso akuopa.

Bambo a Esitere anangoyang'ana pansi. Ukalaliki wawo wa kuesiteti ya tiyi ndi womwe tikudyera, ndiye akanati chiyani?

Mayi Namakhwa atachoka ndinadzitsekera kuchipinda n'kuyesa kuomba m'manja monga tichitira pagule. Sindinapite patali, thonje linafiira. Nsalu ya chipani, ya nkhope ya mtsogoleri ija, ndaichapa ndi dzanja limodzi, ili pachingwe, ndipo ndi nyengoyi siuma.

Ngati chotupachi ndi matenda aja anthu satchula dzina, ndidzamva mwezi wamawa. Koma mawa ndikavina. Ndikaima mzere wakumbuyo, mkono nditaupanikiza, kuti magazi akayamba asadonthere pansaluyo, chifukwa zimenezo ndiye...