Ababa sapita ku Chowe

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno ku Lungwena tilipo. Mariamu wachira, mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Chimanga chafika theka la nkhokwe, mbuzi za eni zinatithandiza kukolola.

Nkhani ndi ya ababa. Sadaka ya maliro anu itangotha anagwa pakhomo. Dzanja lamanja linafa, mawu anathawa. Akafuna madzi amangoti "eya, eya." Mlongo wanu, amalume Saidi, sanachedwe: akuti mkamwini wopanda mkazi, wopandanso mutu, abwerere kwawo ku Chowe. "Nzeru ndi mtsuko umodzi," akutero, "ukang'aluka madzi onse apita." Munthu woti ababa anamufolerera nyumba kawiri! Paja munkati mlamu amakoma nsomba zikadali m'ngalawa. Ine ndinkayesa nthabwala.

Amene anawatsutsa amalume ndi a Zuze, othawa nkhondo aja munawapatsa malo kuseri kwa khola. Kwawo ku Mozambiki ankasambitsa ovulala m'chipatala. Akuti anaonako msilikali woiwala nkhope ya mkazi wake, koma mkaziyo akangoyankhula ankamudziwa. Akuti mutu ndi nyumba ya zipinda, moto umatha kupsereza chimodzi n'kusiya zina. Ine za ubongo ndinaloweza ku sekondale, koma sindikanazinena bwino chotero. Amalume anangoti, "Wodya ufa wolandira atiphunzitse mitu ya abale athu?"

Lachisanu anthu akuchokera ku mzikiti ndinaika bawo pakhonde. Ndinati, "Amalume, tasewerani ndi mtsuko woswekawu tione." Anthu anaima. Ababa, ndi dzanja lamanzere lomwelo, anawadya kawiri. Kachitatu amalume anadumpha dzenje mwakabisira, ababa n'kuwagwira mkono: "Eya!" Amayi, anthu anaseka mpaka a shehe anapukuta misozi.

Kaya zipindazo n'zoona, sindikudziwa. A Zuze eniake akuti utsi umafika ponseponse, ndipo masiku ena ababa amangolira popanda chowaputa. Koma m'katimo alimo, ndipo za ku Chowe amalume sakuzitchulanso. Dzulo anabwera ndi usipa. Usipawo ndinalandira, moni wawo sindinayankhe. Musandikalipire, ndidzayankha mvula ikagwa.

M'mawa uliwonse ine ndi ababa tikuyeserera kutchula dzina lanu. Pano afika pa "Abi," ndipo akalakwitsa amadziseka okha. Ine ndili moyo, ababa sachoka pakhomo panu, ndipo sindiwaleka mpaka akuitaneni dzina lonse.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Asiyatu