Azakhali Mwawapatsa Mzere Umodzi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutani. Ine kuno ndili bwino, kungoti kukuzizira, ndipo kochapira zovala komwe ndimagwira ntchito makina amodzi afa, ndiye tikumaweruka mochedwa.

Mbiri ya banja lathu imene mukufuna kusindikiza ija ndailandira pafoni. Ndinaiwerenga pa nthawi yopuma, nditakhala pamulu wa nsalu zapabedi. Achimwene, ndakwiya, sindikubisirani.

Za bambo mwalemba masamba ambirimbiri, mpaka njinga yawo mwaitchula. Amalume aja, amene ankangobwera kudzatikalipira n'kumapita, mwati anali mzati wa banja. Koma azakhali, mlongo wawo wa bambo, mwangoti sanakwatiwe ndipo analibe ana. Basi, mzere umodzi! Nanga ife tinali mbuzi zawo?

Makolo atamwalira anatitola ndani? Kachipinda kaja kuseri kwa sitolo mwakaiwala? Bedi anatisiyira ife, iwo n'kumagona pansi, mutu utatsamira mwendo wa makina awo osokera. Jekete limene mukunyadira nalo pachithunzi cha tsiku lomwe munayamba uphunzitsi linali la bambo, anachita kukuchepetserani ndi azakhali, maso atayamba kale kuchita chidima. Bambo wina atawafunsira banja, anamuuza kuti ali ndi ana awiri, atenge onse kapena aone msewu. Munthuyo sanabwerenso.

Nditaimbira alamu, anandiuza kuti mwati m'bukumo mukulondoloza okhawo amene anabereka, kuti adzukulu adziwe kumene anachokera, komanso kuti wosindikiza wati masamba akwana. Ha! Zoona mawu amenewa atuluke pakamwa panu, inu amene munkapukutira mamina pansalu ya azakhali?

Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho mundimvere. Pempho langa ndi limodzi: Lolemba bukulo lisapite kwa wosindikiza. Ngati masamba akwanadi, chotsani tsamba langa lija lonena kuti ndili kunja ndipo zikundiyendera, muikepo azakhali. Mwana wanga sanawaone. Akadzandifunsa amene anandilera, ndidzamutsegulira pati? Mukakana, dzina langa mulifufute, mulembe kuti bambo anali ndi mwana mmodzi.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana onse, ndi kwa amalume ngati akumvabe.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira