Akuti bambo anga asaoneke pa ukwati wanga

Aphungu,

Bambo anga ndi loya. Moyo wawo wonse akhala akuimira anthu omangidwa chifukwa chodzudzula boma: atolankhani, ophunzira, ngakhale mayi wina wogulitsa makala amene anangodandaula pa wailesi. Chaka chatha apolisi anathyola ofesi yawo, kutenga mafayilo, iwonso n'kuwatsekera popanda mlandu. Anatuluka akutsimphina, chiphaso cha uloya atalandidwa. Pano amalembera anthu madandaulo pa tebulo lodyera, galimoto yopanda nambala itaima pageti.

Ine ndikukwatiwa posachedwa. Bambo a bwenzi langa amagwira ntchito ku unduna, ndipo atumiza uthenga woti bambo anga asaoneke pa ukwatiwo, ati chithunzi chimodzi chokha chikhoza kuwachotsetsa ntchito. Bwenzi langalo likungoti tisakulitse nkhani. Nditawauza bambo anga, anaseka n'kunena kuti, "Usavutike mwanawe, suti yanganso inayamba kundikhwepa." Koma tsiku lomwelo ndinawapeza akupukuta nsapato zimene ankavala kukhoti. Nditani ine?

T. M.

Wokondedwa T. M.,

Mantha a apongozi akowo si opeka. Anthu achotsedwadi ntchito pa zinthu zochepa kuposa chithunzi, choncho usawanyoze. Koma manthawo ndi awo, owasenza asakhale bambo ako.

Yamba ndi mnyamatayo. Mukhale pansi awiriwiri, mafoni mutawasiya m'chipinda china, umufunse mosapita m'mbali kuti galimoto ija ikadzaima pakhomo panu adzatani. Ukwati ndi wa tsiku limodzi, koma iwe udzakhala mwana wa loyayo mpaka kalekale, ndipo ana anu adzakhala adzukulu ake.

Kenako iyeyo, osati iwe, akalankhule ndi makolo ake. Njira zilipo: mwambo waung'ono, wojambula mmodzi amene mukumudziwa bwino, alendo muwapemphe asaponye zithunzi pa intaneti. Apongozi akaona kuti n'zoopsabe, iwowo ndiwo akhale kunyumba, ndipo usawasungire chakukhosi.

Bambo ako usawafunse ngati akufuna kubwera. Munthu wozolowera kuteteza ena adzakana kuti akuteteze iwe. Ungowauza tsiku ndi nthawi, basi.

Koma tchera khutu. Mnyamatayo akapitiriza kuyimba nyimbo yoti musakulitse nkhani, imitsa kaye zokonzekera, ngakhale anthu alankhule. Amene akulephera kuyankha makolo ake lero sadzatha kuyankha apolisi akadzagogoda.

Aphungu