Phewa Lomatidwa Ngati Katoni

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi abambo. Kodi chifuwa chawo chija chinatha? Ine kuno ndili bwino, ndipo ndikulemba ndi dzanja lomwe lija munamva kuti lathyoka. Onani zilembo zake, n'zokhotakhota monga kale.

Ndamva kuti chithunzi chimene msuweni wanga anakuonetsani chinakusowetsani mtendere, mpaka munauza abambo kuti abwere adzanditenge. Msuweni ameneyu ndi wapakamwa, amayamba kulengeza maliro munthu akupumabe. Auzeni abambo akhazike mtima pansi.

Nkhani yake ndi iyi. Tikuyeserera mpira wamanja, ndinalumpha kuti ndiwakhe mpira, mnzanga wina n'kundigunda, ine n'kugwera phewa. Kuchipatala anajambula, nati fupa lili bwinobwino, yavulala ndi minofu chabe, ndipumule kaye. Mtima unandiwawa, chifukwa aphunzitsi a timu yaikulu anali pafupi kubwera kudzasankha osewera. Mukudziwa kuti mpira ndiwo unandibweretsa kuno, kubekale kumene timaphika buledi ndimangogwirako ntchito kuti ndidye.

Pofika tsiku losankhalo phewa linali litapepuka, koma ndikakweza mkono linkanjenjemera. Mnzanga amene ndimakhala naye chipinda chimodzi anati ndisadandaule. Iye amamata makatoni tsiku lonse kuntchito kwawo, ndiye akuti phewa limodzi silingamukanike. Anatulutsa tepi yofiirira yomatira makatoni ija. Poyamba inakana kugwira chifukwa ndinali nditadzola mafuta. Anandipukuta ndi nsalu, n'kuyamba kundizunguliza kudzera m'khwapa, akukoka ndi mphamvu zake zonse, uku akudzitama kuti katoni yake sinatsegukepo panjira. Chithunzi chija anachijambula ndi iyeyo pamenepo, ine n'kuchitumiza kwa msuweni uja pafoni.

Tili m'basi zala zinachita dzanzi. Pofika kubwalo dzanja linali litazizira, ndikalitsina osamva kanthu. Amayi, ndinachita mantha kwambiri. Ndinkaona ngati mkono wanga ukufa ine ndikupenya.

Mayi amene amasamalira ovulala m'timu mwathu atandiona anagwira pakamwa, n'kundifunsa kuti akunditumiza kuti, popeza ndamatidwa kale, changotsala n'kulemba adiresi. Anadula tepiyo ndi sizasi. Pomatula ndinakuwa mpaka anthu anatembenuka, inachoka ndi tsitsi lam'khwapa lomwe. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidyadi.

Magazi atayambanso kuyenda, anandiuza kukweza mkono ndi kuutembenuza uku ndi uku, iwo akuyang'anitsitsa nkhope yanga. Kenako anatsuka khungu ndi sopo, n'kuliumitsa. Anati ndigwire m'chiuno, n'kumata tizidutswa ta tepi yeniyeni yotanuka, kuchokera pamkono kukwera paphewa mpaka kumsana, osazunguliza ayi. Anandichenjeza kuti tepi siichiritsa, imangogwiriziza, ndipo ndikangomva kubaya ndituluke m'bwalo osachita manyazi.

Sindinamve kubaya. Ndinasewera mpaka kumapeto, ndipo anditenga m'timu yaikulu ija, Amayi! Ndinalira ngati mwana. Mnzanga wamakatoni uja analira kundiposa, akuti akanandidulitsa mkono. Ndinamuuza kuti asiye, ankafuna kuthandiza, koma asadzandiyandikirenso ndi tepi.

Pempho langa ndi limodzi. Pamene mayi aja ankandimata, ndinakumbukira inu. Mng'ono wanga anandiuza kuti masiku ano mumayanika zovala ndi dzanja limodzi, ndipo mpango wakumutu ndi iye amene amakumangani. Musamukalipire, ndinachita kumuumiriza. Phewa lanulo munayamba kulibisa ine ndili pasukulu, tikafunsa mumangoti munagonera. Chonde pitani kuchipatala akalione. M'phukusi muno ndaikamo mpukutu umodzi wa tepi yeniyeniyo. Mukaonetse adokotala, ndipo akavomereza akakuphunzitseni mamatidwe ake. Musalole abambo kuti ayesere, ndimawadziwa mmene amamangira matumba.

Inu munafuna kutumiza munthu adzanditenge chifukwa cha phewa lopweteka masabata ochepa. Lanu lapweteka zaka. Mukapanda kupita, ndibwera ndine kudzakutengani, ndipo ndibwera ndi mnzanga wamakatoni uja.

Mundiperekere moni kwa abambo, azakhali, mng'ono wanga, ndi msuweni wapakamwa uja. Mumuuze kuti maliro aja alephereka.

Tsalani bwino.

Ndine mwana wanu wachisamba,
uja mumamutcha Miyendo.