Tsiku lokumana ankhoswe

Lolemba, 2 Juni
Kuzizira m'basi ya ku Lusaka, zala zouma. Bwenzi langa Eugene akupita ku Solwezi pa 30, ntchito ya chaka chathunthu. Ankhoswe akumane asanapite, apo ayi ukwati ndi wa chaka chamawa. Vuto ndi mtunda. Amalume ba Masautso ku Chanyanya, azakhali ba Violet ku Ndola, mkulu wanga Moses ku Joni. Basi tikumana pa foni, pa vidiyo. Chatsala ndi tsiku. Jennifer wa ku ofesi wandionetsa mapulogalamu awiri. Yoyamba: ndimaika nthawi zanga, munthu n'kusankhapo. Yachiwiri: ndimalemba masiku, aliyense achonge amene angathe. Ndatenga yoyamba, ndi yokongola, ndipo linki yake ndatumizira abale onse.

Lachiwiri, 3 Juni
Ndalakwa. Azakhali aimba ndili pa Shimabala, basi yonse kumva. "Iwe Chiyembekezo, tizikufolera ngati ku kiliniki? Ndiwe dokotala?" Manyazi. Linki ija ndaifufuta ndisanafike ku Chilanga. Madzulo ndatumiza yachiwiri, masiku asanu, ndi moni wautali wa ulemu pamwamba.

Lachisanu, 6 Juni
Masiku atatu, wochonga palibe. Ambiri atsegula, ndikuona. Moses akuti sangachonge amalume asanachonge, nanga akasemphana nawo? Azakhali chimodzimodzi. Pulogalamuyi imaonetsa mayankho a wina aliyense poyera, ndiye onse akuyang'anizana. Amalumewo foni yawo ndi ya mabatani! Ndinaiwaliratu. Eugene akungoti, "Osathamanga, zikonzeka." Munthuyu ndi wofatsa, mwina n'chimene ndinamukondera.

Lamlungu, 8 Juni
Titatuluka Misa, ulendo wa ku Chanyanya. Fumbi mpaka m'mano. Amalume ndawapeza akusoka ukonde. Ndafotokoza za linki, aseka mpaka kutsokomola. "Tsiku lililonse, mwana wanga. Ndimangodikira ubwere undiuze pamaso." Andipatsa nsomba zisanu zouma, chikwama changa chatsopano chikununkha mpaka pano. Mtima mbee.

Lolemba, 9 Juni
Jennifer wapeza pulogalamu yachitatu, yobisa mayankho. Wochonga saona za anzake, ndimaona ine ndekha, dzina ndi dzina. Akuti bola iyi kwa anthu amantha ngati akwathu. Ndatumiza ndi mawu oti "mayankho ndi achinsinsi, musaope." Amalume ndawachongera ndekha masiku onse.

Lachitatu, 11 Juni
Yagwira. Moses wachonga onse asanu. Azakhali onse asanu. Ngakhale Febby, mng'ono wanga, amene sindinamuitane, onse asanu. Banja ili koma, poyera mantha, mobisa mpikisano. Ndayamba kuyang'ana zitenje pa msika, pali chobiriwira china chandilowa mumtima. Watsala Eugene, iye achongera a kwawo.

Lachinayi, 12 Juni
Wayankha masana, ndikudya. Pa 14 ayi. Pa 15 ayi. Pa 21, pa 22, pa 28, ayi. M'bokosi la ndemanga walemba kuti: "Mwina tidikire kaye."

Ndawerenga katatu. Pa 15 ndi Lamlungu, amakhala kunyumba. Ndikudziwa chifukwa ndimakhala naye.

Anamva "achinsinsi" n'kuganiza kuti nanenso sindiona dzina. Pobwera tinakwera basi imodzi, mpando umodzi. Wandifunsa ngati onse ayankha. Ndati eya. Wati, "Ndiye tsiku lapezeka?"

Ndati pali mmodzi wakana. Wayang'ana pawindo mpaka kwathu ku Estates, osafunsa kuti ndani.