Nyale ya Adokotala Ili Pamwamba pa Makina a Amayi

Achimwene,

Ndikupatsani moni chifukwa amayi anatilera kuti munthu sayamba nkhani asanalonjere, ngakhale mtima ukuwira. Muli bwanji kumeneko? Msana uja unkakupwetekani mukangoona ndowa, ndikhulupirira unapola mutangokwera basi yobwerera kumudzi. Ife kuno tilipo. Mwana akuyamwa bwino, ndipo bala langa la opareshoni likuuma pang'onopang'ono. Ndalemba kalata chifukwa foni yanga mwasiya kuyankha.

Mukudziwa kuti pa mathanki onse agalasi a nsomba zokongoletsa amene ndimasamalira m'tauni muno, limene limatilipirira nyumba ndi la ku chipatala cha mano. Nditatsala pang'ono kuchira, amayi anandichonderera kuti ndiitane inu mudzandigwirizire ntchito, popeza munangokhala manja lende. Ndinavomera. Ndinakwera nanu masitepe aja a kuchipatalako ndi mimba yanga, n'kukuonetsani zonse. Ndinati sabata iliyonse muzipopa madzi ena ndi payipi n'kuthiramo atsopano, chifukwa chitsa chili pakati pa thankiyo chimatulutsa mtundu, ndipo mukachilekerera madzi amasanduka achikasu. Ndinatinso nyale yaitali ija, yowala moyera mofiirira pang'ono, musaikhudze, chifukwa zomera za m'madzimo zimakula ndi kuwala kwake. Munagwedeza mutu ngati mwana wa sukulu wakhama.

Sabata yatha ndinabwerera ku ntchito. Nditatsegula chitseko cha chipinda chodikirira odwala, ndinapeza thanki ikuwala buluu ngati khomo la malo omwera mowa. Ndili chapatali madzi ankaoneka oyera ndithu. Nditayandikira ndinaona kuti kaudzu kapansi kaja, kamene ndinabzala kamodzikamodzi ndi zala zanga, kanatha. Masamba aakulu anali atafewa ngati pepala lonyowa, ndipo tinsomba tofiira tija tinatsala towerengeka, tikupumira pamwamba.

Ndinatenga kapu yoyera, ya madzi akumwa a odwala, n'kutunga m'thankimo, ndipo ndinapita nayo pawindo. Achimwene, anali tiyi wopanda mkaka. Fungo lake sindinena.

Mayi wa pakauntala, wolandira odwala, anandifotokozera zonse, ndipo sanasiye kanthu. Akuti munkafika, kupukuta galasi kunja, kuthira kandowa kamodzi pamwamba, kenako n'kukhala pampando wa odwala kumaonera zithunzi m'magazini. Adokotala atadandaula kuti madzi achita chikasu, munawauza kuti vuto ndi nyale, yakalamba. Mawa lake munabwera ndi kanyale kabuluu ka kumsika, ndipo yeniyeniyo munaikulunga m'jekete, mukuti mukukaikonzetsa.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti nzeru imeneyo munaimva kwa ine. Ndine ndinakuuzani tikudutsa pa sitolo ya nsomba kuti ogulitsa ena amayatsa nyale yabuluu pofuna kubisa madzi oipa, choncho munthu aziyesa madzi m'kapu yoyera pa kuwala kwa dzuwa. Pa zonse zimene ndinakuphunzitsani, za payipi, za sefa, za chakudya cha nsomba, munasunga chimodzi chokha, chimene chikanakupulumutsani ku masitepe. Mutu muli nawo, achimwene, sindinakanepo.

Adokotala anandiitanira m'chipinda chawo chozulira mano. Sanakweze mawu, ndipo bola akanandikalipira. Anangofunsa kuti nyale yawo ikukonzedwa kuti, popeza miyezi yapita. Ndinayankha kuti ndifufuza. Manyazi anandigwira mpaka ndinatuluka osatsanzika.

Sindinafufuze kutali. Nditafika kunyumba ndinatsegula zithunzi zimene alamu ananditumizira pa foni, za amayi akusoka kadiresi ka mwana wanga. Pamwamba pa makina awo osokera, yomangidwa ndi waya ku mtanda wa denga, nyale ya adokotala ili apo. Ngakhale kachizindikiro ka chipatala, kojambulidwa dzino lomwetulira, simunakamatule. Pomwepo ndinakumbukira mmene amayi anandiimbira mwezi watha, mawu ali odzaza chimwemwe, akuti mwana wawo wamwamuna wawabweretsera getsi la m'tauni, tsopano akulowetsa ulusi m'singano popanda kuitana munthu. Anatinso anzawo akumabwera kudzaliona. Ine ndinawayankha kuti mwachita bwino, osadziwa kuti ndikuyamikira chingwe chondimangira ndekha.

Mwandidyera masuku pamutu, ndipo mwagwiritsa ntchito maso a amayi pobisalira. Ndakwiya nanu kuposa mmene ndinakwiyirapo ndi munthu aliyense.

Mmene zilili ndi umu. Adokotala anena kuti nyale ikabwera mwezi uno usanathe, ntchito ndipitiriza, ndipo thanki ndilidzutsa ndi manja anga. Ikapanda kubwera, akukanena kupolisi kuti anaberedwa, ndipo akufuna dzina la munthuyo, chifukwa iwo amangokudziwani kuti mchimwene wa mayi wa nsomba. Ntchito nayonso ithera pomwepo. Musaganize kuti ndingogula ina. Ndazungulira masitolo onse, yotere kulibe, iwo anachita kuitanitsa kunja.

Pakali pano ndikukwera masitepe aja tsiku lililonse ndi ndowa zimene anamwino anandiletsa kunyamula, mwana ndikumusiya pamiyendo pa mayi wa pakauntala. Ndachotsa masamba oola, ndaika makala atsopano oyeretsa madzi m'sefa, ndipo madzi ayamba kuyera. Koma zomera sizidzuka ndi kanyale kanu kabuluu. Tsiku lililonse limene nyaleyo ili kumeneko, kuno tsamba lina likufa.

Pempho langa ndi limodzi. Mukwere pampando, mumasule nyaleyo, amayi ali pomwepo, ndipo muwauze ndi pakamwa panu kumene munaitenga. Musanene kuti yapsa. Musanene kuti mlongo wanu wa m'tauni wachita nsanje ndi mphatso yanu, chifukwa bodza limenelo ndalimva kale m'mutu mwanga ndi mawu anu omwe. Muikulunge m'bulangete, muipereke kwa kondakitala wa basi, mumupatse nambala yanga.

Mwina mukuti mlongo wanga sangatchule dzina langa kupolisi. Ndikudziwa kuti chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ndaganizira zimenezo mpaka mutu kuwawa. Koma ndili ndi khanda, ndipo eni nyumba salandira chibale. Mwezi ukatha ndidzatchula, ndipo ndidzalitchula lonse bwinobwino kuti asalakwitse polemba.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwathokoze chifukwa cha zithunzi, ndipo musawakalipire, sanadziwe chimene akujambula. Moni kwa ana onse, kwa azakhali, ndi kwa amalume ngati mwendo uja walola kuti atuluke panja.

Amayi musawapatse moni wanga, ndidzawapatsa ndekha akadzaimba. Ndikudziwa kale zimene adzanene. Adzati ndinu wamkulu, munalakwa pofuna kuwasangalatsa, ndipo ine ndawabwezera mumdima chifukwa cha nsomba za eni. Inu adzakukhululukirani dzuwa lisanalowe. Ine ndidzadikira, mwina mpaka mwanayu atayamba kuyenda, ndipo ndavomera kudikirako.

Tumizani nyale.

Ndine mlongo wanu,
Mayi wa nsomba