Madzi a m'Thanki ya Bambo

Bluff, Durban
19 Ogasiti 2023

Okondedwa achimwene Sibonelo,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Perth kumeneko, inu, alamu ndi ana. Kuno tilipo. Mphepo ya Ogasiti ikuwomba monga mwa masiku onse, malata a galaja akulirabe, ndipo amene analonjeza kudzawakhoma sanaonekenso.

Munafunsa za thanki ya bambo. Nsomba zili bwino, zikudya ngati alendo a paukwati. Makorali, zamoyo za m'nyanja zooneka ngati miyala zija, ndi amene avuta. Anthambi aja, amene bambo amawatcha ana awo oyamba ife tili pomwepo, anayamba kuyera kuchokera m'munsi ngati mafupa. Mukudziwa zimene amachita Loweruka lililonse. Amatunga madzi a m'thanki m'kabotolo n'kumadonthezamo mankhwala mpaka madzi abuluu aja asanduke pinki. Akasintha msanga ndiye kuti soda wachepa m'thankimo, awonjezere. Akachedwa kusintha ndiye kuti soda wachuluka. Miyezi yapitayi ankangoti wachuluka, choncho anasiya kuthira. Makorali n'kumayerabe.

Iwo anagamula kuti mankhwala oyezerawo anasukuluka. Loweruka lapitalo tinapita kusitolo ya a Moonsamy kukasankha ena, titanyamula madzi a m'thanki m'botolo la jamu. Galimoto anayendetsa okha. Pamphambano ya kudoko ndinapemphera chamumtima, koma tinafika.

A Moonsamy simunawaiwale, pakamwa pawo sipatseka.

"Aa, a Hlongwane! Mudakali moyo?"

"Ndidzafa tsiku limene mudzatsitse mitengo," anatero bambo.

Anatiyalira mitundu itatu pakauntala. Timapepala toviika m'madzi bambo anatikankhira kumbali, ati n'toyezera dziwe losambiramo ana, osati nyanja. Kamakina koonetsa manambala anati n'ka anthu aulesi. Anatsala ndi madontho awo omwe aja.

A Moonsamy anayeza madzi athu ndi kamakinako, ndipo kanaonetsa kuti soda wachepa kwambiri.

"Kakunama ngati mwini wake," anatero bambo.

"Chabwino, akatswiri. Nali bokosi latsopano, ndatsegula muli kuona. Yezani nokha."

Bambo anapukuta magalasi n'kuyamba kudontheza. Dzanja lawo silinjenjemera, achimwene, lidakali lomwe lija. Posakhalitsa madzi anasanduka pinki. Ndinaona ine, anaona a Moonsamy, anaonanso mayi wina amene ankagula chakudya cha nsomba. Bambo anapitiriza. Kudontheza, kugwedeza, kukwezera kabotolo kunyali, kudonthezanso, mpaka kanatsala pang'ono kudzaza.

"Mwaonatu? Sakusintha. Soda ndi wambiri."

A Moonsamy anatenga kansalu. Anayamba kupukuta kauntala youma kale. Bambo anawayang'ana, n'kutembenukira kwa ine.

"Iwe Nokwanda, madziwa akuoneka bwanji?"

"Ndi apinki, bambo."

"Asintha liti?"

"Kalekale."

Anaika kabotolo pansi bwinobwino n'kutseka mankhwala. A Moonsamy anawapatsa kamakina kaja, ati masiku ano aliyense akugwiritsa ntchito komweko, ngakhale anyamata a maso akuthwa. Bambo anakayandikitsa kumaso, kukatalikitsa, kukayandikitsanso. Manambala ake ndi ang'onoang'ono. Anakabweza.

"Ndipatseni madontho. Manja adakali anga, maso ndizibwereka."

Titatuluka bambo anandipatsa makiyi a galimoto, n'kukakhala mpando winawo. M'njira anangodandaula kuti ndimaponda buleki ngati ndikupha mphemvu.

Lachitatu ndinapita nawo kwa dokotala wa maso. Si ng'ala yoti n'kupala ayi. Akuti pakati pa diso ndi pamene pakutha, m'maso onse awiri. Mitundu ya zinthu ndi imene imayamba kuzilala, kenako zilembo, kenako nkhope za anthu. Ndinafunsa kawiri kuti zimatenga nthawi yaitali bwanji. Dokotalayo anangoti zimasiyana munthu ndi munthu, ndipo za bambo sizinayambe dzulo.

Lero m'mawa tayeza madzi awiriwiri. Iwo amadontheza, ine ndimayang'ana, akasintha ndimati basi. Anandikalipira kuti ndikuimirira kotchinga kuwala. Soda tayamba kuthira pang'onopang'ono, chifukwa ukathira wambiri nthawi imodzi umapha ndi otsala omwe. Makorali amene anayera kale sabwerera. Ena aja mwina apulumuka, a Moonsamy akuti tidikire tione. Ine Loweruka langa latha basi, ndauza kale a kwaya kuti asamandiwerengere. Ndikuopa, achimwene. Pamaso pa bambo sindionetsa, koma ndikuopa.

Anandiletsa kukuuzani za maso, ati mungayambenso nyimbo yanu ija yoti agulitse thanki n'kusamukira kunyumba yosungira okalamba. Musaiyambe. Nyumba akuidziwa pakona paliponse, kuphika akuphika, ndipo ine ndili pafupi. Ndinawalonjeza kuti ndingokulemberani za madzi. Za dokotalazo zangondipulumuka, ndipo mukamayankhula nawo pafoni musaonetse kuti mukudziwa. Muwafunse za makorali, akuyankhani mpaka foni itenthe.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene ndikupempha. Munati ulendo wanu wa Disembala uno muusunthe ufike chaka chamawa chifukwa ntchito yachuluka. Musausunthe. Lwandle wanu wamng'onoyo bambo sanamuonepo maso ndi maso, amangomuona pafoni, ndipo tsopano ndazindikira chifukwa chake amandifunsa nthawi zonse kuti wafanana ndi ndani. Ine ndinkayesa kuti akufuna ndiwakometse kuti wafanana ndi iwo.

Mundiperekere moni kwa alamu. Muwauze kuti tiyi anatumiza uja anafika, bambo akumwa ngakhale akuti akununkha udzu. Azakhali a ku Umlazi akupereka moni, a Moonsamy nawonso. Bambo ali pabalaza pompano, akhala pafupi ndi thanki, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi. Ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndilembe. Akuti ndikuuzeni kuti ali bwino, madzi ali bwino, musadandaule.

Ana mubwere nawo onse. Tsiku lofika muwaveke zovala zowala kwambiri.

Ndine mlongo wanu,
Nokwanda